Ndinalipira Nkhuku Ndisanalakwe

Kompyuta yanga inazima koyamba ndili pakati pa phiri, nditasenza matabwa pa thilaki ya matayala ambirimbiri. Phirilo linali la m'masewera, ndipo ine ndinali pa mpando wapulasitiki m'kanyumba kathu ku Nyimba, koma mtima unandiwawa ngati ndagwetsadi katundu wa mwini. Palibe chinaphulika, palibe chinanunkha. Sikirini inangoda bii, mafani onse n'kukhala chete, babu la kudenga likuyakabe. Ndinayatsanso, inayaka. Nditafika pa phiri lomwe lija inazimanso.

Kompyutayo ndinamanga ndekha, ndipo ndimanena zimenezi mosabisa kunyada. Zaka ziwiri ndikugwira ntchito pa shopu ya fotokope ku Petauke ndinkatolera zipangizo chimodzichimodzi, zambiri zogwiritsidwapo kale, zobwera pa basi kuchokera ku Lusaka zitakulungidwa m'manyuzipepala. Chomaliza kufika chinali khadi la zithunzi, lomwe limapangitsa masewera kuoneka ngati zenizeni. Tsiku limene ndinamanga kasikuluwu komaliza ka bokosi lake ndinadya nditaimirira, maso ali pa sikirini. Anthu ankati mwamuna wamkulu wandevu akusewera ngati mwana. Ndinkawayankha kuti ena amakhala pa bawo tsiku lonse ndipo palibe amawaitanira bwalo.

Kenako ndinakwatira, n'kupita kuchikamwini. Walira mvula walira matope, ndipo ine ndinapita ndikudziwa. Pakhomo pa apongozi anga aakazi pali nyumba yaikulu ya malata, mmene muli mita ya magetsi, ndipo kuseri kwa mtengo wa mango ndi nkhokwe kuli kanyumba ka zipinda ziwiri komwe tinapatsidwa ine ndi mkazi wanga. Magetsi a m'kanyumbako amachokera kunyumba yaikulu pa waya umodzi umene anakoka apongozi aamuna asanamwalire. Ine sindinawapeze ali moyo. Ndinangopeza mbiri yawo, yakuti anali munthu wa manja, wokonza chilichonse kuyambira njinga mpaka wailesi, ndipo pakhomopo dzina lawo silitchulidwa mwachibwana.

Ndi apongozi aakazi tinkalemekezana monga mwa mwambo. Zaka zitatu zinatha tisanalankhulane maso ndi maso. Tikakumana panjira yopita kumjigo, mmodzi ankapatukira m'tchire. Moni unkadutsira kwa mkazi wanga, madandaulo chimodzimodzi, ngakhale tonse atatu titakhala pabwalo limodzi. Ine mwambowo sindinkadana nawo, chifukwa unkandipulumutsa ku nkhani zambiri. Koma akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Mkazi wanga ndi munthu wokonda mtendere, ndipo mawu aliwonse akadutsa m'kamwa mwake amafika atathiridwa madzi.

Poyamba ndinaimba mlandu fumbi. Nyimba mwezi wa Okutobala ndi ng'anjo, ndipo fumbi la kumsewu waukulu limalowa ngakhale m'botolo lotseka. Ndinatsegula bokosi, ndinapukuta mafani ndi burashi ya penti, ndinazula timatabwa ta memori n'kutibwezeretsa, ndinagwedeza pulagi iliyonse kuona ngati yagwira. Kwa masiku awiri zinayenda bwino, ndipo ndinayamba kuyenda monyang'wa. Loweruka masana inazima katatu.

Apo ndinatembenukira kwa pawa sapulayi. Ndi kabokosi kachitsulo kamene kamalandira magetsi a pakhoma n'kuwagawira zipangizo zonse muyeso wake, ndipo kakadwala kompyuta yonse imagwa. Ndinakazula, ndinapinda kawaya kopanira mapepala, n'kulumikiza waya wobiriwira ndi wakuda pa pulagi yaikulu, monga timayesera kuti tione ngati kali moyo. Fani yake inazungulira bwinobwino. Ndinakabwezeretsa ndikung'ung'udza, chifukwa chinthu chimene chimadwala ukatembenuka n'kuchira ukachiyang'ana chimatopetsa kuposa chakufa.

Loweruka lotsatira kanafa zenizeni. Ndinamva kuti thu, kenako utsi wopyapyala unatuluka kumbuyo kwa bokosi, ndi fungo la pulasitiki wopserera limene linafika mpaka pabwalo. Mkazi wanga anabwera akuthamanga ndi ndowa ya madzi, ndipo ndinachita kumutsekereza ndi thupi langa. Madzulo ake uthenga unafika kuchokera kunyumba yaikulu, wakuti amayi akufunsa ngati chinthucho chili bwino. Ndinadziwa kuti sanafunse choncho.

Ndinaitanitsa pawa sapulayi ina, yamphamvu kuposa yoyamba, yatsopano m'katoni mwake. Ndinaimanga tsiku lomwelo. Inagwira ntchito masabata atatu, kenako matenda aja anabwerera, kuzima pakati pa masewera, makamaka Loweruka dzuwa likapendeka. Fungo la kupserera linayambanso kumveka pakhomo, ngakhale ine ndikanunkhiza bokosi langa sindinkamva kanthu. Apongozi ankati akulimva mpaka kuchipinda kwawo, ndipo kwa iwo umenewo unali umboni wokwanira.

Chigamulo chinafika Lolemba m'mawa ndikumanga nsapato. Mkazi wanga anakhala pa mphasa, anayang'ana pansi, n'kunena kuti amayi ati chinthucho chidzatentha mudzi, ndiye Lamlungu likubwerali chikwere basi chipite kwathu ku Minga, chikakhale ndi abale anga. Nthawi imeneyi mawu sanathiridwe madzi, ndipo ndinazindikira kuti nayenso akugwirizana nazo. Amene sanakhalepo pachikamwini angaganize kuti nkhani inali ya kompyuta yokha. Pakhomo ponse paja, nyumba, munda, mbuzi, mipando, chinthu chokhacho chimene ndinabwera nacho ine, chopangidwa ndi manja anga, chinali bokosi limenelo. Katundu wa mkamwini akatsogola kwawo, anthu a m'mudzi amayamba kufunsa kuti mwini wake atsatira liti. Ndinakwiya kwambiri, moti tiyi ndinamusiya pa tebulo.

Lachitatu ndinapempha tchuthi kuntchito, ndinakulunga kompyuta m'bulangete, n'kukwera minibasi ya ku Petauke nditaifungata pamiyendo. Apongozi anandiona ndikutuluka nayo, ndipo ndikhulupirira anaganiza kuti ndagonja msanga. Ku Petauke ndili ndi mnzanga wa kusukulu amene amakonza mafoni, mawailesi ndi ma TV m'kashopu kopanikiza pafupi ndi msika. Ndi munthu wa pakamwa. Asanaone n'komwe anayamba kundiseka kuti ndinagula khadi la zithunzi losusuka ngati nkhumba ya pamaliro, ndiye ndikudabwa chiyani magetsi akamapereweza.

Tinaiyatsa pa soketi yake. Ndinakweza thilaki yanga phiri lija kasanu, ndinasewera mpira, ndinatsegula chilichonse cholemera chimene ndinali nacho, kuyambira m'mawa mpaka ana a sukulu akuweruka. Sinaphethire ngakhale kamodzi. Mnzangayo anasiya kuseka. Anatenga pawa sapulayi yakufa ija, imene ndinabwera nayo m'chikwama, anaitsegula mosamala atayamba wakhetsa magetsi otsalira m'kati, chifukwa kabokosi kameneko kamaluma ngakhale katazulidwa. Anandionetsa pamene panapserera. Sipanali kumbali yopita ku khadi la zithunzi, panali pakhomo penipeni pamene magetsi a pakhoma amalowera.

"Makina yako yalibe mulandu, mwana," anatero. "Matenda yali pachipupa. Malaiti yamene udyetsa ichi chinthu ni yodwala."

Anandibwereka mita yake yoyezera magetsi, n'kundichenjeza kuti ndikaigwetsa ndisabwererenso ku Petauke. Madzulo ndinatsika minibasi ku Nyimba ndi bulangete langa lomwe lija, ndipo ndinadutsa pabwalo pang'onopang'ono kuti aliyense aone kuti chinthu chija chabwerera.

Lachinayi ndinayamba kuyeza. Pa soketi ya m'kanyumba kathu, popanda choyatsa chilichonse, manambala ankaoneka abwino. Ndikayatsa kompyuta n'kuyamba masewera, ankatsika, n'kukwera, n'kutsikanso, osakhazikika, ndipo nditayang'anitsitsa babu ndinaona kuti nalonso likuphethira pang'ono. Ndinadikira apongozi apite kudimba, n'kukayeza pa soketi ya pakhonde la nyumba yaikulu, pamene anthu amatchajira mafoni. Pamenepo manambala anaima nji. Ndiye kuti magetsi ankafika pakhomo ali bwino, n'kudwalira panjira, pakati pa mita ndi kanyumba kathu.

Ndinatsatira waya uja ndi maso ndi zala, kuchokera pa khoma lathu, kudutsa pa mtengo wa bulugama umene anauzika ngati pholo, kulambalala nkhokwe. Unali wathanzi, wopanda bala. Unakafika pa khoma la kumbuyo kwa nyumba yaikulu, n'kulowa pa kabowo kamunsi mwa malata. Kuseri kwa khoma limenelo n'kuchipinda chogona cha apongozi.

Ndinapempha mkazi wanga akandionere mmene wayawo ukuyendera m'katimo. Anabwera mwamsanga n'kunena kuti uli bwinobwino, umadutsa pamwamba pa bedi kuchokera khoma lina kufika lina, ndipo ndi wolimba zedi chifukwa amayi amayanikapo zovala ndi mabulangete. Ananena ngati nkhani ya nyengo. Ndinamufunsa kuti amachapa liti, ngakhale ndinkadziwa. Amachapa Loweruka m'mawa, ndipo dzuwa likapendeka amanula zonse panja, zina zisanaumitsitse, n'kukazikoloweka kuchipinda kuopa mbuzi ndi fumbi.

Ndinatumiza uthenga mwaulemu wonse umene ndinali nawo. Ndinati mwina pa waya wa kuchipinda pali polumikiza pamene pakhwepa ndi kulemera kwa zovala, ndipo fungo limene akumva likhoza kukhala lochokera pomwepo. Yankho linabwera lisanathe ola. Waya umenewo anakoka ndi malemu, wakhala zaka zonsezi osavuta, ndipo unayamba kunenedwa zoipa chidole chitabwera. Ndinapempha kuti ndiitane wa zamagetsi. Anati mwamuna wachilendo salowa kuchipinda kwawo iwo ali moyo. Ndinapempha mkazi wanga kuti tizimitse magetsi onse, iye akachotse zovala n'kuyang'ana yekha. Anakana, akulira, nati amayi amuletsa kukhudza ntchito ya bambo ake, ndipo ndisamuike pakati ngati chingwe chokokerana. Lamlungu linali pomwepo, losasuntha.

Khoswe akakhala pamkhate sapheka, amatero. Lachisanu lonse kuntchito ndinkaganiza za mwambi umenewo, ndipo unkandinyansa. Ndinali ndi umboni m'manja, ndinkadziwa chipinda, ndinkadziwa ngakhale tsiku ndi ola, koma ndimayenera kunyamula ntchito ya manja anga ngati wakuba chifukwa pali chitseko chimodzi chimene mkamwini sadutsa. Kenako ndinakumbukira za kwathu. Ndili wamng'ono, bambo wina wa m'mudzi mwathu analowa kuchipinda kwa apongozi ake atasokera ndi mowa. Akuluakulu anakhala pansi, anamudzudzula mpaka thukuta, n'kumulipiritsa nkhuku. Manyazi anayenda nawo zaka, koma mlanduwo unathera pa nkhuku. Ndinaona kuti ngati chitsekocho mtengo wake ndi nkhuku ndi manyazi, zonse ziwiri ndingazikwanitse.

Loweruka ndinalawirira kumsika. Ndinasankha thadzi lalikulu lofiira, lonenepa, loti munthu asadzanene kuti ndinapeputsa mlandu. Ndinadikira mpaka masana, zovala zitalowa m'nyumba. Apongozi anali pa mphasa pansi pa mango akusenda nshawa ndi mkazi wanga ndi amayi ena awiri oyandikana nafe. Ndinasangalala kuti pali mboni. Ndinafika ndi nkhuku m'khwapa, pulayala ndi tesita ya magetsi m'thumba, ndinagwada patali monga mwa nthawi zonse, ndinaomba m'manja, n'kuika nkhuku pansi miyendo ili yomanga. Ndinalankhula kwa mkazi wanga, koma mokweza.

"Auzeni amai kuti nkhuku ya mulandu ni iyi. Mulandu wake nikalibe kupalamula, niyenda kupalamula manje."

Palibe anamvetsa mpaka nditaimirira. Ndinakwera pakhonde, ndinagwetsa switchi yaikulu ya pa mita, wailesi ya m'nyumba n'kudukiza nyimbo pakati. Kumbuyo ndinamva mkazi wanga akunditchula ndi mawu amene sindinawamvepo, ndi lichero likugwa. Sindinacheuke. Ndikanacheuka sindikanalowa.

Ndinayesetsa kusaona kanthu m'chipindamo, koma maso samvera mwambo. Munali bedi lachitsulo, masutikesi awiri osanjikiza, korona pa msomali, chithunzi cha malemu atavala jekete, ndi matumba a thonje pakona odikira ogula. Waya uja unadutsa pamwamba pa bedi utawerama ngati uta, utasenza zitenje, yunifolomu ya kutchalitchi ndi mabulangete awiri. Fungo lija linali lamphamvu moti linandikereketa pakhosi. Ndinayamba kuchotsa zovala chimodzichimodzi, ndipo kunena zoona pamenepo ndi pamene ndinachita manyazi enieni, kugwira ndi manja anga zovala za mayi wobala mkazi wanga. Ndinaziika pa sutikesi ndikuyang'ana kudenga.

Pansi pa bulangete lachiwiri ndinapeza pa wayapo chotupa chachikulu ngati dzira la bakha. Malemu waya unawathera pakati pa chipinda, ndiye analumikiza wina pongopotokola, n'kukulunga ndi pepala la shuga la pulasitiki, pamwamba n'kumanga ndi mphira wa chubu cha njinga. Anamanga mwaluso, sindingawanamizire, ndipo kwa babu limodzi ndi wailesi zikanatha zaka zina. Koma kulemera kwa zovala kunakhala kukukoka mfundoyo mpaka inatsala yogwirana ndi timawaya tiwiri titatu, ndipo kompyuta yanga ikafuna magetsi ambiri, pamenepo pankathetheka moto. Nditagwira panali pakutenthabe. Mphira unali utasungunuka n'kuuma kambirimbiri, ndipo kunsi kwa bulangete kunali chigamba chopserera chachikulu ngati chikhatho. Mfundoyo inali pamwamba penipeni pa pilo.

Ndinayesa ndi tesita kuti nditsimikize kuti mulibe magetsi, n'kudula mbali zonse ziwiri. Ndinatuluka ndi chotupacho m'dzanja limodzi, bulangete m'dzanja lina. Panja anthu anali atachuluka, sindikudziwa anaitanidwa ndi ndani. Ndinagwadanso pamalo pomwe paja, ndinayala bulangete chopserera chili pamwamba, n'kuika mfundo ija pambali pa nkhuku.

Apongozi anayang'ana bulangete nthawi yaitali. Anatambasula dzanja, anakhudza popserera paja, n'kununkhiza zala zawo. Mmodzi wa amayi oyandikana nafe anayamba kunena za thonje lija lili pakona, mnzake n'kumugwira mkono kuti akhale chete. Kenako apongozi anaimirira, ananyamula nkhuku, n'kupita nayo kuseri kwa khitchini. Anailandira, ndiye kuti mlandu unalipo, ndipo sindinayembekezere zina.

Masana onsewo ndinali pa makwerero. Ndinagula waya watsopano ndi kabokosi kolumikizira, ndinaudutsitsa kunja kwa khoma, pansi pa malata, kutali ndi chipinda cha aliyense, n'kuukhomerera ndi timisomali take. Madzulo fungo la nkhuku yokazinga linadzaza pabwalo, koma kwathu kunabwera ndiwo za chibwabwa, masamba a maungu. Sindinalaweko ngakhale chipalapasiro, ndipo ndinadya chibwabwacho ndi mtima woyera. Za Lamlungu palibe anatchula, kuti lafafanizidwa kapena lilipobe.

M'mawa mwake sindinapite kutchalitchi. Ndinatsegula chitseko cha kanyumba kathu mpaka kukhoma, ndinayeza pa soketi, manambala anaima nji ngati a pakhonde paja, ndipo ndinayatsa kompyuta n'kukweza sipika. Bulangete lonyamulira kompyuta lija ndinalipinda n'kulikhalira. Kumsewu ndinkamva makondakitala akuitanira a ku Petauke, minibasi imodzi kunyamuka, ina kudzaza. Ndinatsimikiza mumtima kuti amene akufuna kuti bokosi limeneli likwere basi abwere adzalinyamule yekha, ine ndikuona.

Dzuwa lili pamutu anthu anayamba kubwera kuchokera ku Misa. Ndinali nditasenzanso matabwa aja, ndili m'munsi mwa phiri lomwe lija, pamene kuwala kwa pakhomo kunachepa. Ndinaganiza kuti ndi mkazi wanga. Nditacheuka ndinaona yunifolomu ya kutchalitchi, yomwe ndinaigwira dzulo lake. Apongozi anali asanapondepo pakhomo pa kanyumbako chibwerere ine. Anaima chammbali, nkhope atalozetsa ku mtengo wa mango, koma mwana wawo panalibe, ndipo panalibenso wina woti mawu adutsireko.

"Mukafika uko muyenda na chimotoka chanu," anatero, "mubwele muone waya wa kukhichini. Nawo ni wa malemu."

"Namva, amai," ndinayankha.

Anachoka pang'onopang'ono. Pulayala inali pa tebulo pomwepo, pafupi ndi dzanja langa, koma sindinaigwire msanga. Ndinaponda mafuta, thilaki inalira, mafani anakweza mawu, babu la kudenga osaphethira. Ndinakwera phiri lonse mpaka pamwamba, ndinatsitsa matabwa a eni ake, kenako ndinapita kukhitchini.